Uvuni M'kati mwa Waya

Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi anthu ochepa. Aliyense ankangoti a Chikombole, chifukwa kuyambira ali mnyamata ankayenda ndi chikombole choumbira njerwa paphewa, ngati mmene ena amayendera ndi wailesi. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, ndipo zikhadabo za kumapazi zinawathera kalekale ndi kuponda matope. Ukawapatsa moni wa dzanja unkamva ngati wagwira njerwa imene.

Ankaumba m'dambo la kumunsi kwa tauni, kuseri kwa magalaja, kumene msewu wa tala umathera. Dambolo linali la mkulu wina wolemera amene ankakhala kutali ndipo sankalilabadira. Anthu ankangolowamo, ena kulima masamba, ena kudula bango, ena kukumba mchenga, a Chikombole ndi anzawo kuumba njerwa. Mwini malo akabwera ankayima pa mlatho, manja m'thumba, n'kunena kuti, "Bola musandimangiremo nyumba." Akatero ankakwera galimoto yake n'kumapita.

Njerwa za a Chikombole zinali zodziwika. Ukaziwombanitsa zinkalira ngati mbale. Ukayenda nawo m'tauni sankadutsa mzere wa nyumba osaloza.

"Iyo ndi yanga. Sitolo iyo ndi yanga. Mpanda wa sukulu uwo, kuyambira pa geti mpaka pa ngodya, ndi wanga."

Akazi awo, amene ankachapa zovala m'makomo mwa anthu, ankangoseka. "Eni ake nyumba zonsezi, koma mvula ikagwa timasuntha bedi."

Sankanama. Banjali linkakhala m'chipinda chimodzi cha lendi kuseri kwa shopu yowotcherera zitsulo. Pakati pa chipindacho panali katani, denga linali la malata akale obooka, ndipo masana onse makina odulira zitsulo ankalira mpaka makapu ankanjenjemera pa shelefu. Ana awo awiri aakazi anakulira m'menemo, anakwatiwa, n'kupita kutali.

Atakula, a Chikombole anapeza kapuloti kumtunda, pamalo a miyala pamene anthu ena ankapakana. Nthawi yomweyo msana unali utayamba kuwalankhula. M'mawa ankadzuka chogwira khoma, ndipo akawerama nthawi yaitali pa chikombole ankafunika kuwongoka pang'onopang'ono ngati waya wopindika. Anadziwa kuti mphamvu za uvuni waukulu zawatsalira za umodzi wokha. Choncho chilimwe chimenecho anakana maoda onse.

"Za chaka chino ndi zathu, mayi," anawauza akazi awo. "Zipinda zitatu ndi khonde. Inu muzikakhala pakhondepo, miyendo yanuyo pa mpando."

Miyendo ya mayiwo inkatupa chifukwa choima tsiku lonse pochapa.

Anaumba chilimwe chonse okha, opanda waganyu. Ankakumba, kuthira madzi, kuponda, kuumba, kuyanika, kutembenuza. Njerwa zitauma anazisanja uvuni wamtali kuposa munthu woimika mkono, anasiya makomo a nkhuni kunsi, n'kuumata ndi matope kunja konse. Chinatsala ndi nkhuni ndi moto basi.

Mkulu wolemera uja anamwalira pakati pa chilimwe chomwecho, ndipo ana ake anagulitsa dambo lonse kwa khonsolo. Khonsolo inali ndi chifukwa chake. Mvula ya chaka chapitacho madzi anatsika m'dambomo osapeza choagwira, bango litatha, mitengo ya m'mbali mwa mtsinje itadulidwa, ndipo anakagwetsa nyumba za kumunsi n'kukokolola theka la mlatho. Chilimwe chitafika zitsime za kumeneko zinauma msanga.

Anthu anaitanidwa ku msonkhano m'kalasi ya pa sukulu. Akuluakulu anakhala pa timadesiki ta ana, mawondo ali m'mwamba. Amene ankalankhula anali mayi wachitsikana wa ku ofesi ya zachilengedwe ku khonsolo, wa magalasi ndi nsapato za fumbi. Anafotokoza kuti dambolo tsopano lisungidwa. Kukumba kutha, kudula kutha, moto kutha. Adzalamo mitengo, maenje akwiriridwa, madzi abwerera.

Wina kumbuyo anafuula kuti, "Nanga ife mutidzala kuti?" Anthu anaseka, mayiyo anasekanso pang'ono.

A Chikombole sanade nkhawa. Potuluka anauza mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, amene ankakumba mchenga m'dambo lomwelo, kuti, "Za khonsolo zimayenda ngati bilimankhwe, alamu. Ngalande ya pa msika ija anayamba kuikamba ine ndili ndi tsitsi. Pofika poti abwere ndi waya wawo, ine ndili pakhonde."

Koma ulendo uno bilimankhwe anathamanga. Sabata zochepa zitadutsa kunabwera lole ya mapolo a simenti. Kenako waya waminga, geti ya chitsulo, ndi chikwangwani chobiriwira chojambulidwa mbalame. Uvuni wa a Chikombole unatsala m'kati, uli njo pakati pa udzu wouma. Khonsolo inalembanso alonda kuchokera mwa anthu omwe ankadya za m'dambomo, ndipo mmodzi wa iwo anali mlamu uja. Anamupatsa yunifolomu yobiriwira, majombo ndi wenzulo.

A Chikombole anali atagwirizana kale ndi mwini malo ochekera matabwa kuti awapatse zotsala za mitengo. Tsiku limene lole ya nkhunizo inafika pa geti, anapeza mlamu wawo ataima pakati pa njira.

"Tsegulani, alamu, dalaivala akufulumira."

"Sizitheka, alamu."

"Mwati bwanji?"

"Nkhuni sizilowa. Moto ndi woletsedwa m'kati muno."

A Chikombole anaseka, poganiza kuti ndi macheza a pachilamu. "Yunifolomu yakukhalani, sindikukana. Mwangofanana ndi chiwala. Tsegulani tsopano."

Mlamuyo sanaseke. Anayang'ana pansi, n'kumakanda loko ndi chala. "Ndikakutsegulirani, mawa pano paima wina. Ndili ndi ana kusukulu, alamu. Mchenga unatha, iyi ndiye ntchito yomwe ndili nayo. Pitani ku ofesi, akakalola iwo ine nditsegula mbali zonse ziwiri."

Dalaivala anaimba hutala, kenako anatsitsira nkhunizo m'mbali mwa msewu n'kumapita. Pofika mawa lake mulu uja unali utachepa, anthu atatolako.

Ku khonsolo a Chikombole anali asanalowemo chibadwire, ngakhale mpanda wa kumbuyo kwake unali wa njerwa zawo. Anavala malaya oyera omwe akazi awo anasita, n'kukakhala pa benchi m'khonde lalitali lonunkha polishi. Pa windo loyamba anawauza kuti nkhani ya njerwa ndi ya a zomangamanga. A zomangamanga anati ndi ya a zamalo. Kwa a zamalo anapeza chitseko chokhoma ndi jekete pa mpando, likuoneka pa galasi. Anabwerera tsiku lotsatira, ndi linanso. Tsiku lililonse potuluka ankayang'ana kumwamba. Mitambo inali itayamba kusonkhana masana n'kubalalika madzulo, ndipo kutentha kunali kwa mtundu uja kumene kumaitana mvula.

Pomaliza anamupeza mayi wa zachilengedwe uja m'kachipinda kodzaza machubu a mbande ndi mapu opindidwa. Anawapatsa mpando, n'kuwamvetsera mpaka kumapeto.

"Bambo, ndakumvani," anatero. "Koma moto sindingalole. Udzu wauma gwa, ndipo mbali ya kumtsinje tayika nazale ya mitengo. Kukawomba mphepo, chilichonse chipsa. Komanso muli mauvuni ena m'menemo. Ndikalola inu, mawa onse abwera."

"Ena aja ndi ogulitsa, mayi. Awa ndi a nyumba yanga."

"Ndikudziwa."

"Simukudziwa, mwana wanga. Pepani, mayi." Anayala zikhatho zawo pa tebulo, zong'ambikang'ambika. "Manja awa sangaumbenso uvuni wina. Ndingolambula udzu mozungulira, ndikhala pomwepo mpaka moto uzime. Ndawotcha njerwa moyo wanga wonse, sindinatenthepo munda wa munthu."

Mayiyo anavula magalasi n'kutikita maso. Anati nkhaniyo angaitengere ku komiti, koma komiti ikumana mwezi wamawa. A Chikombole anafunsa ngati mvula nayonso idikira komiti.

"Chomwe ndingachite ine ndekha ndi ichi," anatero mayiyo. "Tulutsani njerwazo mukawotchere kwanu. Koma lole isalowe, matayala awononga nthaka yomwe tikufuna ichire. Wilibala yokha."

Kuchokera pa uvuni kufika pa geti panali kamtunda, ndipo kuchokera pa geti kufika pa puloti yawo unali ulendo wokwera phiri. Njerwa yosawotcha ndi yolemera komanso sichedwa kusweka. A Chikombole anadziwa zonsezi, komabe anathokoza, n'kutuluka chipewa chili m'manja.

Anayamba kuphwasula uvuni womwe anausanja okha. Ankagamula matope omata aja ndi khasu, n'kumatsitsa njerwa ziwiriziwiri. Wilibala yawo inali yakale, tayala lake lolira ngati mwana wa mbuzi. Ikagunda mwala njerwa za pansi zinkathetheka, ndipo pofika kumtunda ankatsitsa zina zili zibenthu. Akazi awo anasiya kuchapa n'kubwera ndi beseni, kumasenza pamutu.

"Mayi, bwererani kunyumba, miyendo yanuyo."

"Khonde munandilonjeza lija ndi limeneli ndasenzali. Mukufuna ndilisiyire ndani?"

Anasenza masiku angapo. Kenako tsiku lina, pa chitunda cha pafupi ndi magalaja, mwendo unawakana, anagwa chammbali, beseni n'kugubuduka. Amakaniko awiri anawanyamula kukawagoneka pa mpando wa galimoto yakufa. Bondo linatupa ngati dzungu. Kuyambira tsiku limenelo anagona kuseri kwa katani, ndipo a Chikombole anatsala okha ndi wilibala. Anali asanaphwasule ndi theka lomwe la uvuniwo.

Masana ena, kumwamba kutada mbali imodzi, a Chikombole anasiya wilibala. Anazula udzu wouma, anatola nthambi zakugwa ndi zitsa zakale, n'kuzilonga m'makomo a mbali yomwe inali isanaphwasulidwe. Nkhunizo sizikanakwana kupsereza njerwa, iwo eni ankadziwa, koma mutu unali utasiya kuwerengera. Anagwada, n'kutulutsa machesi m'thumba. Kamtengo koyamba ka machesi kanathyoka.

"Alamu."

Mlamu wawo anali atakhala pa chulu chapafupi, atawafulatira, akuyang'ana kumtsinje.

"Ine sindikuona chilichonse," anatero osatembenuka. "Maso anga ali uko. Koma mphepo iyi mukuimva. Ikupita ku nazale, ndipo kuseri kwa nazale kuli nyumba za anthu. Moto ukalowa m'udzu, omangidwa tikhala awiri. Mlongo wanga adzatsala ndi ndani pa bedi paja?"

A Chikombole anakhala chogwada nthawi yaitali. Udzu unkawerama ndi mphepo, wonse kuloza kumene mlamuyo ananena. Anabweza machesi m'thumba, anatsamira mutu pa njerwa, ndipo mapewa awo anayamba kugwedezeka. Mlamuyo sanatembenuke mpaka atamva kuti atonthola. Kenako anavula malaya a yunifolomu, anawapachika pa waya, n'kugwira wilibala.

Anakankha mosinthana masana onsewo ndi tsiku lotsatira. Tsiku linalo mvula inafika.

Inabwera dzuwa likupendeka, ndi chimphepo patsogolo. A Chikombole anali atagula mapepala a pulasitiki akuda, ndipo anathamanga kukafunditsa uvuni, kutsendereza m'mbali ndi miyala. Mphepo inalowa pansi n'kuwatukumula ngati matanga a ngalawa. Pepala limodzi linauluka n'kukakodwa pa waya waminga. Anakwera pamwamba pa uvuni n'kugona chafufumimba pa lomwe linatsala, manja ndi miyendo zili tambalale, mvula ikuwamenya kumsana. Pansi pa mimba yawo ankamva njerwa zikufewa. Ngodya zinayamba kusungunuka, mizere inatitimira, ndipo madzi ofiira ankatuluka m'makomo a nkhuni n'kutsetserekera m'dzenje lomwe dothilo linachokera. Mlamu wawo ankafuula pansi kuti atsike, uvuni uwagwera. Sanatsike mpaka mbali imodzi inagumuka n'kutsika nawo limodzi, matope mpaka m'chiuno.

Atakwera kumtunda anapeza kuti nazo za pa puloti zanyowa mizere ya pamwamba ndi ya m'mbali. Za pakati zokha ndi zomwe zinapulumuka.

Anafika kunyumba ali matope okhaokha. Akazi awo anawayang'ana ali pa bedi. Anangoti, "Madzi ali m'ndowa, bambo. Sambani musanakhale pa mpando."

Anadwala chifuwa sabata zingapo. Atachira ankangokhala panja pa shopu ya zitsulo, kuyang'ana kuthetheka kwa moto wowotcherera. Anthu omwe ankawadziwa akawapatsa moni, ankayankha ndi mutu. Chikombole chinali pansi pa bedi.

Tsiku lina kunabwera mayi wa zachilengedwe uja, wapansi, atafunsira njira kwa amakaniko. Anaima pakhomo, n'kunena kuti wamva zomwe zinachitika ndipo wapepesa. Anati khonsolo ikulemba anthu a ganyu yokwirira maenje ndi kudzala mitengo nyengo ya mvula, ndipo dzina lawo waliika poyamba.

"Ndikakwirire maenje anga omwe?"

"Inu ndi amene mukuwadziwa, bambo."

"Zikomo, mayi. Yendani bwino."

Mayiyo atachoka, mawu anachokera kuseri kwa katani. "Bambo, ine kuchapa ndasiya, inu kuumba mwasiya. Mtima wanuwo tiuphika? Mawa mupite."

Anapita. Anawapatsa fosholo, majombo ndi chovala chonyezimira chopanda manja. Kapitawo, amene sankadziwa mbiri ya malowo, anawagawira chimulu cha dothi lofiira chomwe chinali pafupi ndi chulu, kuti achikankhire m'dzenje. Unali uvuni wawo. M'kati mwa chimulucho fosholo inkapezabe njerwa zina zili ndi maonekedwe ake, zidindo za zala zawo zikuoneka m'mbali. Anazikankhira m'dzenje pamodzi ndi zinazo. Anzawo a ganyu omwe ankadziwa anasamukira ku dzenje lina kuti asawaone nkhope.

Ntchito ankaigwira bwino, chifukwa sankadziwa kugwira mwa mtundu wina. Mbande zomwe anadzala zinagwira. Pofika kumapeto kwa mvula bango linaphukanso m'mbali mwa mtsinje, madzi anayamba kuyenda oyera, ndipo akakowa anabwerera m'dambomo. Chaka chimenecho kumunsi sikunagwe nyumba. A Chikombole ankaziona zonsezi ndipo sankazitsutsa. Mlamu wawo atawafunsa tsiku lina ngati akuona kusintha, anati, "Dambo lachira, alamu. Ilo lokha."

Ana a sukulu anayamba kubwera kudzaona malowo, atafola awiriawiri. Tsiku lina mphunzitsi wawo anawaimika pafupi ndi pamene a Chikombole ankapalira mbande, n'kuloza dzenje limodzi lomwe linasiyidwa dala losakwirira.

"Mukuona apa, ana inu? Apa pankakumba anthu owononga chilengedwe. Ankangoganiza za mimba zawo."

Ana anasuzumira m'dzenjemo. Mayi wa zachilengedwe anali pomwepo, ndipo anatsegula pakamwa kuti alankhule, koma a Chikombole anamupukusira mutu. Iwo eni anafuna kuuza mphunzitsiyo kuti kalasi imene amaphunzitsiramo inatuluka m'dzenje lomwelo. M'malo mwake anatola khasu lawo n'kupita kukapalira mzere wina.

Ndi njerwa zomwe zinapulumuka anamanga chipinda chimodzi pa puloti paja, cha zidina zosawotcha, denga la malata akale omwe mwini shopu ya zitsulo anawapatsa. Khoma la kumene kumachokera mvula analikuta ndi pulasitiki. Anasamukira m'menemo chifukwa mwini chipinda cha lendi ankafuna kukuza shopu. Madzi anali kutali, kumunsi kwa phiri, ndipo bondo la akazi awo silinabwerere mwakale. Ankatsika ndi ndodo kukafika pa chimbudzi, n'kupuma panjira.

Mwana wawo wamkulu atabwera kudzawaona, anayang'ana khomalo, anayang'ana mwendo wa mayi ake, n'kuwaitanira bambo ake panja.

"Ababa, amayi ndikuwatenga. Kwathu chipatala chili pafupi. Nanunso tiyeni."

"Ndikakhale pakhomo pa mkamwini, kudikira kuitanidwa ku chakudya?"

"Ndiye mukhala ndi ndani kuno?"

"Nyumba ya zidina siisiyidwa yokha. Ikangoona kuti mulibe munthu, imakhala pansi."

Anawaperekeza ku siteji ya basi, akazi awo atakwera wilibala chifukwa phirilo sakanatha kutsika. Panjira mayiwo ankaseka kuti akalamba ndi ulemu, ali ndi galimoto ndi dalaivala yemwe. Pa siteji kuseka kunatha. Anawagwira amuna awo dzanja pa windo la basi.

"Muzidya, bambo. Musamangomwa tiyi. Malaya oyera aja ali pansi pa sutikesi, musawavale ku matope."

"Mukachira mubwere."

"Ndibwera."

Basi itanyamuka a Chikombole anatsikira ku dambo, chifukwa tsikulo linali lomaliza la ganyu ndipo ankafunika kubweza fosholo ndi majombo. Pa geti anakumana ndi mayi wa zachilengedwe, n'kumufunsa ngati mvula ikubwerayi kudzakhalanso ntchito. Mayiyo anati sakudziwa, komiti sinakambe, ndipo mwina adzangofuna anthu ochepa osamalira nazale. Anati adzayesetsa.

A Chikombole anavula majombo, anawagogoda pa polo kuti matope agwe, n'kuwapereka kwa kapitawo. Kenako anagwira wilibala yawo yopanda kanthu n'kuyamba kukwera phiri, opanda nsapato.